Mutu 7: Mphindi Yathunthu

1. Lachitatu lija

Tsiku lomaliza kuwaona amalume ali moyo lidali Lachitatu, cha m'ma teni koloko m'mawa. Ndidawapeza pampando wawo wachikopa pafupi ndi zenera, miyendo ataisanjika pakatebulo chifukwa chotupa. Adali atavala tayi. Munthu woti sadatuluke m'nyumba miyezi iwiri, koma tayi ili pakhosi ngati kukubwera nduna.

"Kadokotala wafika," adatero azakhali, akazi awo, akunditsekulira chitseko. "Lowa ukaone wodwala wako. Ine sakundimvera, akuti ndilibe setifiketi."

Dzina la Kadokotala adandipatsa ndi amalume omwewo ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, tsiku lomwe ndidamanga bandeji mwendo wa nkhuku. Bambo anga atamwalira, ine ndi amayi tidasamukira m'nyumba mwawo, poti amayi ndi mlongo wawo yekhayo. Pomwe ndinkasankhidwa kupita ku koleji ya zaudokotala, n'kuti dzina langa lenileni aliyense ataliiwala.

Amalume adali ndi mayina atatu. Okalamba a mumsewu mwathu ankati a Dokotala, chifukwa adagwira ntchito kuchipatala chachikulu zaka makumi awiri. Anthu a m'maofesi ankati a Kazembe, chifukwa boma lidawatuma kukaimira dziko lathu kunja kwa zaka zisanu ndi zinayi. Atabwerako adakana mpando wina uliwonse, n'kukatsegula sukulu ya anamwino m'nyumba yomwe kale inkasunga katundu. Kumeneko ankangoti Aphunzitsi.

Koma onsewa ankadziwa moni wawo. Ukawapatsa dzanja sankalisiya msanga. Zala zawo ziwiri zinkatsetsereka mpaka pamkono, pamunsi pa chala chachikulu pomwe pamadutsa mtsempha, maso ali pawotchi yawo yakale ya muvi wa masekondi. Azakhali ankati adawafunsira choncho. "Anzawo ankabwera ndi maluwa, awa anangondiuza kuti mtima wanga ukugunda ka 96."

Tsiku limenelo polowa ine dzanja sindidapereke. Ndidalowa nditakumbatira dala mabuku awiri akuluakulu. Ndidali nditasiya koleji miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo, ndipo sindidauze munthu aliyense.

2. Bedi nambala 12

Zidachitika ndili m'chaka chachitatu. Tinkaphunzira m'wodi ya amayi ochitidwa opaleshoni. Masana ena anamwino adachepa, ndiye mkulu wawo adandipempha kuti thu koloko ikakwana ndiwerenge kugunda kwa mtima kwa odwala asanu ndi atatu ndi kulemba pamapepala awo.

Asanu ndi awiri ndidawayeza. Wotsala adali mayi wa pabedi 12, yemwe adachitidwa opaleshoni m'mawa mwake. Adagona atayang'ana kukhoma. Papepala lake padali nambala ya thwelofu koloko: 84.

Ndikhoza kunena kuti sindidafune kumudzutsa. Zoona zake n'zakuti tsiku lotsatira kudali mayeso, ndipo mipando ya mulaibulale inkatha msanga. Ndidalemba 84, ndidasayina, n'kumapita.

Cha m'ma folo koloko ndidabwerera kukatenga buku lomwe ndidaiwala. Ndidakumana ndi anamwino akuthamanga ndi bedi la mateyala kupita kuchipinda cha opaleshoni. Mayi uja magazi ankatayikira m'mimba. Dokotala wamkulu adagwira pepala lija m'manja.

"Thu koloko zinali bwino chonchi? Unayeza ndiwe?"

"Inde," ndidayankha.

Mayeso sindidalembe. Ndidalongedza chikwama n'kusamukira mbali ina ya tawuni, komwe mnzanga wina ali ndi kashopu ka makina okopera mapepala. Ndinkagona kuseri kwa makinawo, masana ndinkadina batani. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ndinkabwera kunyumba ndi mabuku anga, ngati munthu wochokera m'kalasi.

Kaya mayi uja adachira kaya adamwalira, sindinkadziwa. Ndidathawa ndisanamve.

3. Kope la buluu

"Ika mabukuwo pansi," adatero amalume Lachitatu lija. "Sathawa. Teni koloko yakwana, ndiyeze."

Adavula wotchi n'kundipatsa. Pakatebulo padali kope la buluu momwe ankalembamo kugunda kwa mtima wawo katatu pa tsiku. Lidali lotsegula. Mzere wa m'mawa udali ndi 78.

Ndidaika zala pamkono pawo. Khungu lidali lozizira, lopyapyala ngati pepala. Chichokereni ku koleji ndidali ndisanagwirepo mkono wa munthu. Chomwe ndinkamva ndi mtima wanga womwe m'makutu. Muvi usanafike ndi pakati pomwe, ndidachotsa dzanja.

"78," ndidatero.

Amalume adandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka adauza azakhali kuti akawapangire tiyi, ngakhale kapu ina idali pomwepo isanamwedwe. Chitseko chitatsekedwa adayamba kulankhula, mwapang'onopang'ono, akupumira m'kati.

"Mtima wangawu ukumagunda kanayi n'kudumpha kachisanu. Wayamba dzulo. Ukadawerenga, ukadandiuza zimenezo usananene nambala. Iwe wawerenga kope, sunawerenge ine.

"Tamvera, Kadokotala. Mphindi imodzi ndi yaitali kwambiri ukagwira dzanja la munthu. Ndikudziwa. Kunja kuli mzere wa anthu makumi asanu, mimba ikulira, mnzako akukukodola pazenera. Mtima umakuuza kuti nambala ya m'mawa ndi ya masana sizisiyana, lemba uzipita. Nthawi zambiri sizisiyanadi, ndipo palibe amene angakugwire. Choopsa n'chimenecho. Koma pepala lija si lako. Akubwera pambuyo pako salankhula ndi wodwala, amalankhula ndi pepala. Ukanamiza pepala, wanamiza anthu khumi omwe sunawaone, ndipo onsewo adzachita ntchito yawo bwinobwino, mwaluso, pamwamba pa bodza lako.

"Anthu amati ukazembe ndi ntchito yonama utavala suti. Amandiseka nazo mpaka lero. Ine kumene kuja ndinaphunzira kukhala chete, sindinaphunzire kunama. Chaka china m'dziko lomwe ndinkakhala kunabuka matenda, akuluakulu akumeneko n'kumati zonse zili bwino. Akazembe anzanga anatumiza kwawo mawu omwewo, chifukwa ndi omwe analembedwa m'nyuzi. Ine ndinavula jekete, n'kupita kuchipatala chawo kukawerenga ndekha mabedi. Lipoti langa silinasangalatse aliyense, ngakhale kwathu kuno. Koma ana athu omwe ankaphunzira kumeneko tinawachotsako nthawi ilipo.

"Kusukulu kwanga wophunzira akandiuza kuti sindikumva mtsempha, ndimamugwira dzanja n'kumuonetsa. Akandiuza kuti ndinaiwala kuyeza, ndimamukalipira, mawa tayiwala. Koma wolemba nambala yomwe sanawerenge ndimamuuza kuti akaganize kaye kunyumba ngati ntchitoyi akuifunadi. Kusadziwa kumachizika. Zinazi zimachizika pokhapokha mwini wake atanena pomwe pakupweteka."

Adapuma. Panja galimoto yotola zinyalala inkabwerera m'mbuyo ikulira.

"Pali chomwe ukufuna kundiuza?"

"Ayi, amalume. Ndangotopa ndi mayeso."

"Chabwino."

Potsanzika ndidalibe pobisa dzanja. Adaligwira, zala zidatsetsereka, maso pawotchi. Adawerenga mphindi yathunthu. Ndili pakhomo ndidawaona akulemba m'kope muja.

Adamwalira patatha masiku asanu ndi anayi, Lachisanu masana. Foni ya amayi idandipeza ndikukopa mapepala a munthu wofuna ntchito ya ulonda.

4. Wotchi

Maliro adali aakulu. Kudabwera anamwino ovala zoyera mabasi awiri, ndi amuna a masuti omwe ankayang'ana mafoni awo nthawi ya pemphero. Aliyense wolankhula ankamaliza ndi mawu amodzimodzi, kuti mwayi wake a Dokotala atisiyira dokotala. Akatero mitu yonse inkatembenukira kwa ine.

Anthu atabalalika, achibale ena adatsalira. Adandigoneka m'chipinda chowerengera cha amalume, pakati pa mashelefu ndi zithunzi. Apa amalume atavala gawuni yoyera, apo akupereka moni kwa mkulu wina wa dziko lakutali, zala zili pamkono pake. Chitseko cha chipindacho sichinkapuma. Msuweni wanga adabwera kudzandionetsa zotupa za pakhosi. Agogo ena adavula nsapato n'kuika phazi pampando.

"Ukaliona bwanji ili, Kadokotala? Amalume ako ankati ndisiye shuga. Iwe ndiwe wamakono, mwina uli ndi maganizo ena."

Onse ndinkawauza kuti apite kuchipatala. Ankaseka, n'kumati ndatengera kudzichepetsa kwa malemu.

Patatha masiku anayi chiikireni maliro, azakhali adandiitana pabalaza, amayi ali pomwepo. Adatulutsa wotchi ija m'kathumba n'kundimanga okha pamkono. Lamba lidali lalikulu, adachita kuboola bowo lina ndi singano.

"Zaka makumi anayi ndi chimodzi amalume ako akhala akundiyeza m'mawa uliwonse ndisanamwe tiyi," adatero. "Ngakhale tikayambana. Ankandigwira dzanja atakwiya, nkhope atayang'ana kumbali, koma kuwerenga osaphonya. Chichokereni iwo palibe wandigwira. Bwera."

"Ndipo uwayeze bwino," adatero amayi. "Alamu angawa dzulo anatsala pang'ono kugwa kubafa. Ndikati tipite kuchipatala akukana."

"Chinali chizungulire cha njala basi. Inu alamu mumakulitsa nkhani."

Azakhali adatsegula kope la buluu chakumapeto, komwe kudali masamba awo. Mzere womaliza udalembedwa ndi dzanja la amalume m'mawa wa Lachisanu lomwe adamwalira: 72. Pansi pake padali mizere yopanda kanthu.

Ndidagwada pambali pa mpando, n'kuika zala ziwiri pamkono pawo. Ndidadikira kuti muvi ufike pamwamba, kenaka ndidayamba.

Amalume sadaname, mphindi ndi yaitali. Pofika masekondi khumi ndi asanu ndidali nditaona kale 72 uja katatu. Koma mtsempha udayamba kumveka. Unkathamanga, n'kuima, n'kuthamanganso, ngati munthu wotsika masitepe mumdima. Ndidawerengabe. Muvi udadutsa pansi, udakwera, udafika pamwamba.

118. Ndipo kugundako kudalibe dongosolo.

Azakhali adaona nkhope yanga. Amayi atapita kukazimitsa ketulo, adandikoka malaya n'kunong'ona.

"Lemba za masiku onse. Ndi chisoni chabe ichi, chitha chokha. Amayi ako akamva kwa iwe akhulupirira, ndiwe dokotala. Ine kuchipatala kuja sindikufunako, mwanawe. Makonde onse aja akununkha amalume ako. Ndikalowamo sindidzatulukamo."

Adandipatsa cholembera. Amayi adabwera n'kuima kumbuyo kwanga, akupukuta manja.

"Zili bwanji, a dokotala?"

Ndikadanena kuti zili bwino, aliyense m'nyumbamo akadapuma. Azakhali akadamwa tiyi wawo, amayi akadandinyadira, ine ndikadanyamula mabuku anga Lamlungu n'kubwerera kuseri kwa makina.

Ndidalemba 118. Pambali pake ndidalemba kuti ukudumphadumpha. Ndidasayina dzina langa lenileni.

"Azakhali akuyenera kuonedwa ndi dokotala lero lomwe," ndidatero. "Mtima sukugunda bwino."

"Si wandiona kale iwe?" adatero azakhali. "Undilembere mankhwala, msuweni wako akagule. Bola iwe wa m'nyumba."

"Ine sindine dokotala, azakhali. Sindinenso wophunzira. Koleji ndinasiya miyezi isanu ndi iwiri yapitayo."

Wotchi yokha ndi yomwe inkamveka pamkono panga.

"Ukuti chiyani?" adafunsa amayi, motsitsa mawu.

Ndidawauza zonse, za bedi 12, za 84, za kashopu ka mnzanga. Sizidatenge nthawi. Chinthu chomwe ndidachisenza miyezi yonseyo chidatha kunenedwa tiyi asanazizire.

Amayi sadalire. Adapinda kansalu kopukutira manja kanayi, n'kukaika patebulo.

"Ndiye mabuku aja unkabwera nawo kudzationetsa ife? Ine ndikumauza anzanga kuti asamakuimbire foni, uli m'kalasi." Adatembenuka. "Alamu, valani nsapato. Dokotala m'nyumba muno mulibe. Iwe, kaitane aneba abweretse galimoto."

Azakhali sadatsutsenso. Adangopempha chikwama chawo cham'manja.

5. Pabenchi

Kuchipatala adawalandira msanga atamva kuti ndi akazi a Aphunzitsi. Namwino yemwe adawagoneka adaphunzira kusukulu ya amalume, ndipo adawerenga mphindi yathunthu, milomo ikuyenda. Dokotala wachitsikana, wosandiposa zaka zambiri, adayang'ana m'kope la buluu n'kufunsa kuti walemba mzere womalizawo ndani.

"Ndine."

"Mwachita bwino kubwera nawo lero. Agona kuno masiku angapo."

Ine ndi amayi tidakhala pabenchi ya m'khonde, pakati pathu pali malo okwana anthu awiri. Dzuwa la masana linkalowa pazenera la mawaya. Fungo la mankhwala okolopera lidali lomwe lija la m'wodi yathu. Amayi ankayang'ana khoma.

"Mchimwene wanga wapita akuyesa kuti wasiya munthu," adatero pamapeto pake. "Bola sanadziwe. Chokhacho ndi chomwe ndikuthokoza."

Ndidatsegula kope lija n'kubwerera m'mbuyo mpaka Lachitatu. Mzere wa teni koloko udalibe nambala. Amalume adangolembapo kuti sunawerengedwe. Pansi pake padali mzere wina woonjezera: Kadokotala, 112, atakhala pansi.

Namwino adatulukira n'kunena kuti azakhali akundifuna. Ndidawapeza ali ndi mawaya pachifuwa, chikwama chili pamimba. Adatulutsamo envelopu yomata.

"Amalume ako anandipatsa iyi Lachinayi. Anati, ukadzamva mnyamatayu akunena chinthu chovuta kunena, umupatse. Akapanda kunena, uisunge. Ine ndinkayesa wapereka mimba kwinakwake." Adayesa kuseka koma adatsokomola. "Tenga. Ndipo wotchiyo usavule, sindinakubwereke ayi."

Ndidabwerera pabenchi. M'envelopumo mudali mapepala awiri. Loyamba lidali la dzanja la amalume, zilembo zikupendekeka kuposa kale.

"Kadokotala, ngati ukuwerenga izi ndiye kuti wanena wekha, ndipo ndakondwa.

"Ndadziwa kuyambira mwezi wachiwiri chichokereni iwe ku koleji. Mkulu wa koleji yanu ndinamuphunzitsa kusoka bala, ndiye anandiimbira kufunsa ngati ukudwala. Anandiuza tsiku lomwe unasowa ndi zomwe zinachitika m'wodi dzulo lake. Iwo akuyesa kuti unachita mantha kuona wodwala akuthamangitsidwa. Ine ndinkakayika. Dzulo wandiyeza, ndipo sindikukayikanso.

"Mwezi uliwonse ndinkakudikira pampando uja. Mwina ndinalakwa kukhala chete nthawi yonseyi. Ndi matenda a ukazembe, munthu umazolowera kudikira kuti winayo ayambe. Ukafuna kundikwiyira, kwiya.

"Sindinakupepesere kwa aliyense. Ndinangopempha kuti dzina lako asalifufute mpaka komiti yawo itakumva. Ukapita, ukawauze za pepala lija ndi pakamwa pako. Akhoza kukubweza m'kalasi, akhozanso kukuchotseratu, ndipo akakuchotsa sadzakhala atalakwa. Ukapanda kupita, palibe adzakutsate. Udzakhala mfulu ngati mmene wakhalira miyezi isanu ndi iwiriyi.

"Za mayi wa pabedi 12 ndikudziwa, koma sindilemba. Wodwala wako umakamufunsa wekha."

Pansi sadalembe kuti Dokotala, kapena Kazembe, kapena Mphunzitsi. Adangoti malume wako.

Ndidakwiyadi. Munthu wodziwa chinthu chokhacho chomwe chimandisowetsa tulo, n'kupita nacho kumanda dala, atavala tayi. Ndidapinda kalatayo molimba mpaka idang'ambika pakona. Kenaka ndidaitambasulanso pabondo, n'kuisalaza ndi chikhatho, chifukwa ndi mawu omaliza omwe adandilembera.

Amayi adasendera pafupi. Ndidawapatsa. Adawerenga mpaka pansi, adabwerezanso, kenaka adavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi nsonga ya bulauzi.

"Ankadziwa," adatero. "Ine ndikumudyetsa phala ndi supuni, iye akudziwa." Adavalanso magalasi. "Linalo ndi la chiyani?"

Pepala lachiwiri lidali la ku koleji, lodindidwa chidindo. Lidati ndikaonekere pamaso pa komiti yoona za ophunzira, m'chipinda cha misonkhano chomwe chili pamwamba pa wodi ya amayi ochitidwa opaleshoni, nayini koloko m'mawa. Kuti munthu ufike kumeneko umadutsa pakhomo pa wodiyo. Njira ina kulibe.

"Upita?" adafunsa amayi.

Ndidayang'ana wotchi. Muvi unkayenda monga mwa masiku onse.

"Ndilibe tayi," ndidatero.

"Matayi ali m'kabati mwa amalume ako, oposa makumi atatu. Ndakufunsa ngati upita."

"Ndipita."

"Liti?"

Ndidayang'ananso pepala la ku koleji lija. "Lolemba, pa 9 Malichi."